Kaputeni Russell Anamtumiza Kwathu Kuno: Maganizo pa Kanema wa Lagaan

Kanema wa Lagaan, amene anatuluka ku India m'chaka cha 2001, amatha ndi chilango. Kaputeni Andrew Russell, Mngelezi wankhanza amene wagonja kwa anthu a m'mudzi wa Champaner pa mpikisano wa kiriketi, akuluakulu ake akumchotsa ku India ndi kumtumiza ku Central Africa. Mlembi wa kanemayu, Ashutosh Gowariker, afuna kuti tiombe m'manja pamenepa, pakuti kwa iye Central Africa ndi kudzala kotayako zinyalala. Koma nkhaniyi ichitika m'chaka cha 1893, ndipo m'chaka chomwecho dziko lathu lino linapatsidwa dzina lakuti British Central Africa Protectorate, likulu lake lili kuno ku Zomba. Munthu amene a ku Champaner anamchotsa pamsana pao anadzamtulira ife. Chifukwa chake tili nao ufulu woŵeruza kanemayu mosiyanako ndi eni ake.

Nkhani yake njosavuta. Mvula yakana, koma boma lifunabe lagaan, ndiye kuti msonkho wa mbeu. Russell, mwachipongwe, apangana ndi mnyamata wina dzina lake Bhuvan kuti akagonjetsa Azungu pa kiriketi, chigawo chonse sichidzakhoma msonkho zaka zitatu. Akalephera adzakhoma katatu. Anthu amene sanagwirepo thabwa la kiriketi chibadwire aphunzira, aseŵera masiku atatu, napambana pa mpira wotsiriza. Kenaka mvula igwa. Luso lilipo ndithu. Kanemayu atenga pafupifupi maora anai koma munthu sasinza, nyimbo za A. R. Rahman zimatsala m'khutu, ndipo Aamir Khan akhala Bhuvan moti umaiŵala kuti ndiyenso mwini ndalama zimene zinapanga kanemayu. Mposadabwitsa kuti mu 2002 anafika pa mndandanda wa makanema asanu akunja opikisana pa mphoto ya Oscar.

Chondivuta ine ndi phunziro lake. Lagaan atiuza kuti wolamulira wankhanza umamgonjetsa poloŵa m'bwalo lake, potsata malamulo ake, oimbira mlandu ali a mtundu wake omwe. Ndipo taonani, oimbirawo m'kanemamu ndi Angelezi achilungamo, osakondera ngakhale pang'ono. Boma nalo lisunga pangano, lichotsa msonkho, lipasula msasa wa asilikali. Nanga kuno zinatero? Harry Johnston atakhazikitsa boma ku Zomba mu 1891, anaitanitsa asilikali ku India komweko, ambiri a iwo Asikh, kuti amenyane ndi mafumu onga Makanjira ndi Zarafi. M'kanemamu Msikh amene anali msilikali wa Angelezi, Deva Singh Sodhi, aseŵera mbali ya amphaŵi. M'mbiri yathu anzake anali kutsogolo kwa wokhometsa msonkho. Msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu sunachoke ndi maseŵera. Ndiwo unakankhira makolo athu ku thangata m'minda ya Azungu. John Chilembwe anayesa njira ya Bhuvan: anaphunzira ku America, navala suti, namanga tchalitchi cha njerwa ku Mbombwe, nalemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914. Boma linaitsekereza kalatayo. Zimene zinatsatira mu Januwale 1915 tonse tizidziŵa, ndipo tchalitchi chija anachigumula.

Ngakhale dzina la Gymkhana Club, imene timaidutsa popita m'tauni, ndi liu lochokera ku India. Linabwera m'sutikesi ya anthu onga Russell, pamodzi ndi mwambo wakuti mwini dziko aloŵe pa kapinga kudzatchetcha ndi kudzaperekera zakumwa basi.

Pali munthu mmodzi m'kanemamu amene anzanga ambiri amamtama, Kachra, wa fuko lija Amwenye ankati losakhudzika. Bhuvan akalipira anzake kufikira amlandira m'timu. Koma amlandiriranji? Chifukwa dzanja lake lopuwala lipotokoletsa mpira modabwitsa. Likadakhala dzanja wamba bwenzi ali kuseri mpaka lero. Dzina lake lomwe litanthauza zinyalala, ndipo palibe amene aganiza zomufunsa ngati ali nalo lina. Kachra weniweni analipo. Palwankar Baloo anali katswiri woponya mpira m'timu ya Ahindu ku Bombay, ndipo timu ya India itapita ku England mu 1911 iye ndiye anaposa onse. Komabe poyamba tiyi ankamwera panja pa nyumba ya oseŵera, ndipo ukaputeni wa timuyo sanampatse mpaka anapuma. Mu 1937 chipani cha Congress chinamuimika pa chisankho kuti apikisane ndi B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa anthu a fuko lake lomwelo. Iyi ndiyo nkhani yoŵaŵa, koma siigulitsa matikiti.

Apa mpamene pagona nkhani. Nthano yakuti kiriketi ndi chida cha amphaŵi ikomera eni kiriketi a masiku ano. Patangopita zaka zisanu ndi ziŵiri kuchokera pamene Lagaan anatuluka, mu 2008, bungwe la kiriketi la India, BCCI, linayambitsa mpikisano wa Indian Premier League, ndipo matimu anagulitsidwa ngati ng'ombe pamsika. Kampani ya Reliance ya Mukesh Ambani inagula timu ya Mumbai. Akatswiri a kanema Shah Rukh Khan ndi Juhi Chawla anagula ya Kolkata. Preity Zinta analoŵa nao m'timu ya Punjab. Mu 2022 ufulu woulutsa mpikisanowu kwa zaka zisanu unagulidwa pa mtengo woposa madola 6 biliyoni. Andale nao sanatsalire. Jay Shah, mwana wa nduna ya za m'dziko Amit Shah, anakhala mlembi wa BCCI mu 2019, ndipo mu Disembala 2024 anakwera kukhala wapampando wa bungwe la kiriketi la dziko lonse, ICC. Bwalo lalikulu la ku Ahmedabad analitcha Narendra Modi Stadium mu 2021, mwini dzina ali moyo, ali pampando. Ife a Kamuzu Stadium, amene tinaona timu ya Bullets ikusanduka Bakili Bullets mu 2003, sitingachite ngati alendo pa zoterezi.

Nanga Bhuvan weniweni angayankhule? Mu 2010 Shah Rukh Khan ananena kuti oseŵera a ku Pakistan akadayenera kutengedwa mu IPL, ndipo chipani cha Shiv Sena chinaopseza nyumba za kanema za ku Mumbai zimene zinafuna kuonetsa My Name Is Khan. Kale, m'nthaŵi ya ulamuliro wankhanza wa Indira Gandhi wa 1975 mpaka 1977, boma linkachita poyera: kanema wonyoza andale wa Kissa Kursi Ka anaonongedwa, ndipo nyimbo za Kishore Kumar zinaletsedwa pa wailesi ya boma. Njira imeneyo tiidziŵa bwino kuno, kumene Censorship Board inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo Jack Mapanje anamtenga mu Zomba muno mu 1987 nakamsunga ku Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu. Lumo la boma limaoneka, ndipo mlembi amaphunzira kulizemba ndi mafanizo. Lumo la wamalonda ndilo lovuta, pakuti silitseka munthu m'ndende. Mu Novembala 2015 Aamir Khan, Bhuvan yemwe uja, ananena pagulu kuti kusalolerana pa zipembedzo kukukula m'dziko lake. Sanamangidwe. Anthu okwiya anangoyamba kuchotsa m'mafoni mwao Snapdeal, kampani yamalonda imene iye ankailengezera, ndipo mu 2016 kampaniyo sinapitirize naye pangano.