Pamene Magolovesi Avulidwa

Mngelezi akafuna kunena kuti ulemu watha pakati pa anthu awiri olimbana, kaya ndi aphungu a nyumba ya malamulo kaya amalonda okanganirana msika, ndi kuti kuyambira lero palibenso kuchitirana chifundo, amati "the gloves are off," ndiko kuti magolovesi avulidwa. Mawuwa anabadwira m'bwalo la nkhonya. Koma ndiyesa kuti anawatola ndi oonerera, pakuti munthu amene anathyokapo chala pa chigaza cha mnzake sakanalankhula chotero.

Jack Broughton, katswiri wa ku London, amene mu 1743 anaika malamulo oletsa kumenya munthu wogwa pansi ndi kumugwira kunsi kwa chiuno, ndiyenso anayamba kuveka ophunzira ake zofewa m'manja. Koma anachita ichi kuti ana a anthu olemera, pobwera kudzaphunzira kwa iye, asabwerere kwawo ndi maso otupa, pamene nkhonya zenizeni zolimbirana ndalama zinkamenyedwabe ndi zibakera zosavala kanthu. Magolovesi analowa m'malamulo mu 1867, m'malamulo otchedwa a Queensberry, ngakhale wowalemba anali John Graham Chambers.

Tsono luso lagona apa. Chigaza cha munthu n'cholimba koposa mafupa a dzanja, ndipo womenya wosavala magolovesi, podziwa kuti akaponya chibakera ndi mphamvu zake zonse pamphumi pa mnzake adzadzipundula yekha, ankasunga manja ake monga mlimi asunga khasu limodzi lomwe ali nalo, nasankha nthiti, mimba ndi chibwano, nadikira mpata. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Golovesi limatchinjiriza dzanja la womenya koposa mutu wa womenyedwa. Limachepetsa mabala ndi mwazi woonekera, zimene zinatonthoza mitima ya olemekezeka, koma limamasula munthu kuti asinje mutu wa mnzake ndime ndi ndime osaopa kanthu. Sindikunena kuti masewera akalewo anali aulemu, iyayi: ankagwetsana pansi, nkhope zinkang'ambika, ndipo ena anafera pomwepo. Ndikunena kuti ukali wosayang'ana m'mbuyo, umene mwambi wa magolovesi uja umauika pa dzanja lovula, unakula ndi dzanja lovala.

Mwachitsanzo, pa 8 July 1889, ku Richburg m'chigawo cha Mississippi, John L. Sullivan ndi Jake Kilrain anamenyana opanda magolovesi ndime 75, maola oposa awiri padzuwa lotentha, popeza masiku amenewo ndime inkatha munthu akagwa, ndipo Kilrain ankadzigwetsa dala kuti apume. Umenewo unali mpikisano wotsiriza wa mtundu wotere wolimbirana ukatswiri wa anthu olemera thupi. Mu 1892, ku New Orleans, Sullivan yemweyo anavala magolovesi nakumana ndi James J. Corbett, mnyamata wamiyendo yopepuka, amene anamuzungulira namutopetsa, namuwomba kumutu mpaka anagwa m'ndime ya 21 osadzukanso m'nthawi yake.