Sewero la Banished ndi Eni Nthaka Amene Linawafufuta

Mu 2015 BBC inaonetsa sewero la zigawo 7 lotchedwa Banished, lolembedwa ndi Jimmy McGovern. Limanena za akaidi a ku Britain amene anafika ku Sydney Cove, ku Australia, mu Januwale 1788 pa ulendo wa zombo 11. Anthu ambiri poweruza sewero la mbiri yakale amathamangira kuona zovala, mfuti ndi masiku, koma muyeso umenewu ndi woperewera. Mlembi ali ndi ufulu wopeka zolankhula, wosuntha tsiku, ngakhalenso woumba munthu amene sanakhaleko. Ufulu umene alibe ndi wozula msanamira wa nkhani yonse. Banished linazula msanamirawo, pakuti m'zigawo zake zonse mulibe mtengambali ngakhale mmodzi wa mtundu wa Eora, eni nthaka imene mahema a atsamundawo anakhomedwapo.

Sikuti kupeka konse ndi mlandu. Thomas Barrett anali munthu weniweni, mkaidi woyamba kunyongedwa pamalopo, mu Febuluwale 1788, chifukwa choba chakudya. James Freeman nayenso analipodi, ndipo anapulumuka chingwe povomera ntchito yonyonga anzake. McGovern anawasandutsa mabwenzi a ponda apa m'pondepo, n'kumupatsa Barrett nkhani ya chikondi imene kulibe buku loichitira umboni. Wofufuza mbiri akhoza kudandaula, koma bodza lotere likutumikira choonadi, chifukwa woonera akumva m'thupi mwake njala ndi mantha a pamalo pamene chakudya chinali chamtengo kuposa moyo wa munthu. Nawonso mkangano wa Bwanamkubwa Arthur Phillip ndi Major Robert Ross, mkulu wa asilikali, uli ndi mizu, popeza Phillip analamuladi kuti msilikali ndi mkaidi azilandira chakudya chofanana, ndipo asilikali zinawanyansa.

Atafunsidwa za eni nthaka, McGovern anati nkhani yake ndi ya masabata ochepa chabe, nthawi yosakwanira kuwaonetsa anthuwo mwachilungamo. Yankholi likumveka laulemu, koma zolemba za nthawiyo zikulitsutsa. Azunguwo anakumana ndi eni dziko pa gombe la Botany Bay atangofika kumene, asanasamukire n'komwe ku Sydney Cove. Phillip anabwera ndi malangizo a mfumu yake oti akhale nawo mwamtendere. Watkin Tench, mmodzi wa akuluakulu a asilikali, analemba zambiri za kukumanaku. Ndipo pali kanthu kamene mlembi aliyense wa sewero angakasirire: Phillip analibe dzino limodzi lakutsogolo, pomwe amuna a Eora ankagululidwa dzino lakutsogolo pa mwambo wowalowetsa m'gulu la akuluakulu, choncho linali gwelu limene iwo sakanalephera kuliona. Munthu amene anapeza mpata wa chikondi chopeka akanaupezanso mpata wa zimenezi.

Ena anganene kuti kuli bwino kukhala chete kusiyana ndi kuonetsa mtundu wa anthu molakwika, makamaka ngati wolembayo ndi mzungu wa ku Liverpool. Manthawa ndi omveka, koma mankhwala ake McGovern ankawadziwa kale, chifukwa anali atagwirapo ntchito ndi alembi a mtundu wa Aborigine, eni dziko la Australia, pa sewero la Redfern Now. Kuwaitana ena oti alembe nawo kunali kotheka. Komanso kamera sikhala chete. Ikaonetsa nkhalango ndi gombe popanda utsi wa moto wa munthu, popanda bwato la asodzi, yanena kale kuti dzikolo linalibe mwini. Ganizo limenelo ndilo linali maziko a lamulo la atsamunda ku Australia mpaka khoti lalikulu linalikana pa mlandu wa Mabo mu 1992. Sewero loonetsedwa zaka 23 chigamulocho chitaperekedwa linabwezeretsa pa kanema chimene oweruza anali atachitaya.

McGovern ankayembekezera kuti eni nthaka adzalowa m'zigawo zina zotsatira, koma BBC siinapitirize sewerolo. Motero woonera sanafike ku Arabanoo, mwamuna wa Eora amene anagwidwa mokakamiza kumapeto kwa 1788, kapena ku nthomba ya 1789 imene inapululutsa anthu a Eora ochuluka. Banished ndi sewero lamphamvu la ndende ndi njala, koma monga nkhani ya kuyambika kwa utsamunda ku Australia, ndi labodza.