Amisiri Osaoneka Oteteza Dzina la Fayilo

Pali olemba mapulogalamu ena amene ntchito yawo siioneka ndi maso, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Iwowa ndi amene amaonetsetsa kuti magetsi akathima database ili mkati mosintha dzina la fayilo, zosungidwa zisawonongeke.

Sapupuluma. Zatsopano amayamba azilemba mu fayilo yapadera, n'kuitana lamulo la fsync kuti zikhazikikedi pa disiki. Kenako amagwiritsa ntchito rename, lamulo limene pa Linux limaika fayilo yatsopano m'malo mwa yakale nthawi imodzi: umapeza yakale kapena yatsopano, osati chiduswa. Komatu ntchito sinathe. Dzinalo limalembedwa mu foda, motero fodayo imafunanso fsync yakeyake, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ena amaphonya ngakhale poyambirira: mu 2009 ogwiritsa ntchito ext4, njira yosungira mafayilo pa Linux, ankapeza mafayilo opanda kanthu makina akazima mwadzidzidzi, chifukwa mapulogalamu ankadumpha fsync yoyamba ija. Mu 2016 olemba database ya PostgreSQL anawonjezera durable_rename kuti ndondomeko yonseyi izitsatidwa pamalo amodzi.

Windows ili ndi khalidwe lakelake. Pulogalamu yolimbana ndi mavairasi ikagwira fayilo, dzina limakana kusintha, ndiye PostgreSQL imadikira pang'ono n'kuyesanso, mobwerezabwereza, kwa masekondi pafupifupi 10. Pa macOS nakonso fsync wamba sakwanira, pamafunika F_FULLFSYNC.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'kusamala kwawo poyesa. Olemba database ya SQLite amachita kuyerekezera dala kuthima kwa magetsi pa sitepe iliyonse yolemba, n'kutsegulanso database kuti aone ngati zonse zili bwinobwino.