Mafunso Oyezera Matenda a Maganizo ndi Chilankhulo cha Matchona a ku Mzimba

M'zaka zapitazi akatswiri a zaumoyo akhala akumasulira m'Chicheŵa mafunso oyezera matenda a maganizo amene analembedwa m'Chingerezi. Mu 2009 Robert Stewart ndi anzake anayesa mafunso 20 a SRQ, a bungwe la WHO, pa amai a ku Thyolo. Mu 2013 anayesanso pa amai oyembekezera ku Mangochi, m'Chicheŵa ndi m'Chiyao. Ndipo mu 2019 Michael Udedi ndi anzake anayesa mafunso 9 a PHQ-9 pa odwala matenda a shuga. Ntchito imeneyi njotamandika. Komabe ife oona za zilankhulo tili ndi nkhaŵa: pepala likangolembedwa m'Chicheŵa, ambiri amayesa kuti lakwanira Mmalaŵi aliyense. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mtchona wa ku Mzimba silimkwanira.

Kuchokera pa boma la Mzimba mpaka ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, ulendo wa ku Joni ndi mwambo wakale. Wenela inaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo TEBA inaleka kulemba Amalaŵi mu 1988, koma anyamata sanaleke kupita paokha. Ena anabwerako mothaŵa zipolowe za mu 2008 ndi 2015. Ena amabwezedwa atasungidwa ku Lindela. Munthu wotere akafika pamaso pa dokotala, ku Johannesburg kapena kwao, amakhala ndi Chizulu cha kuntchito, Chicheŵa cha kusukulu, ndi Chitumbuka cha pamtima. Tisaiŵale kuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968, ndipo chinabwerera pa MBC mu 1994. Kuti iye amamva Chicheŵa sitikana. Koma kumva malonda pamsika ndi kwina, kufotokoza zoŵaŵa za mumtima ndi kwinanso.

Taonani mau oti "chisoni". M'Chitumbuka chisoni ndi "chitima", pamene "soni" ndi manyazi. Tsono Mtumbuka wofunsidwa ngati ali ndi chisoni angathe kumva ngati akufunsidwa za manyazi. Kwa mtchona wobwerera chimanjamanja, anzake atamanga nyumba za malata, manyaziwo ngoonadi, ndipo adzavomera ndi mtima wonse. Dokotala adzalemba nambala pa funso limene wodwalayo sanayankhe. Kuyandikana kwa zilankhulo ziŵirizi ndiko kumabisa cholakwa, pakuti onse aŵiri amachoka akuganiza kuti amvana.

Mayankho nawonso ali ndi vuto lao. PHQ-9 imafuna kuti munthu akumbukire masabata aŵiri apitawo nasankhe pakati pa magawo anai, monga "masiku angapo" ndi "kuposa theka la masiku". Ameneŵa ndi masamu a pakalendala, osati kalankhulidwe ka wodwala. Nanga funso la kusoŵa tulo lipindulanji kwa mlonda wa usiku wogona m'chipinda cha anthu asanu? Funso lotsiriza, la kufuna kudzipha, limafa ndithu ngati womasulira ndi mbale wa kumudzi komweko, amene maŵa adzaimba foni kwao.

Chachikulu koposa ndi vimbuza. Gule wochiritsa ameneyu, amene UNESCO inamzindikira mu 2005, ali ndi mau akeake a matenda, ndipo Boston Soko ndi Steven Friedson analemba zambiri za iye. Wogwidwa ndi mizimu ya vyanusi amatha kulankhula Chingoni chimene masiku onse salankhula. Abale ake sanena kuti wafuntha, ndiye kuti wapenga. Amati ali ndi nthenda yofunika ng'oma ndi nchimi. Dokotala wosadziŵa kusiyana kumeneku angathe kulemba misala pamene palibe. Koma choopsa china nchakuti angathenso kukankhira ku mwambo munthu wodwaladi, wofunika mankhwala ku St John of God ku Mzuzu. Mafunso oyankha "inde" kapena "ai" sangathe kulekanitsa ziŵirizi. Buku la DSM-5 la mu 2013 linaika mafunso 16 olola wodwala kutchula yekha dzina la vuto lake ndi chimene akuti chinaliyambitsa, koma naonso amafuna womasulira wophunzitsidwa.

Njira imene ife tiikhulupirira ndi ya ku Harare. Mu 1997 Vikram Patel ndi anzake anafalitsa mafunso 14 a Shona Symptom Questionnaire, atayamba atola mau a odwala ndi a asing'anga, monga "kufungisisa", kuganiza kwambiri. Iwo anayamba ndi kumvetsera, kumasulira kunadza pambuyo. Zoterezi nzotheka ku Embangweni ndi pa chipatala cha boma ku Mzimba: kujambula mmene matchona ndi akazi ao otsala kumudzi amanenera za "maghanoghano" ndi za mtima, m'Chitumbuka cha kumwera chimene chili ndi mau ake a Chingoni. A Centre for Language Studies ku Zomba ndi a Mzuzu University ali nao anthu odziŵa kutola mau otere. Anamwino a m'zipatalazo ndiwo angasonyeze odwala oyenera kuyamba nao.