Chidindo cha Pachikuto ndi Mwana Wophunzira Kuwerenga

Pakati pa mabuku a ana ochokera kunja pamapezeka ena okhala ndi chidindo chagolide pachikuto. Mphunzitsi wachinyamata akachiona angathe kuganiza kuti buku lotere liyenera kupatsidwa kwa mwana wa Sitandade 1 kuti aliwerenge yekha. Komatu mabuku a ana aang'ono ali a mitundu iwiri, ndipo ntchito zake nzosiyana.

Mendulo ya Caldecott, imene bungwe la American Library Association lidayamba kupereka m'chaka cha 1938, imapita kwa wojambula zithunzi. Oweruza ake sayesa ngati mwana angathe kutchula mawu a m'bukulo. M'chaka cha 1963 adailandira Ezra Jack Keats chifukwa cha buku lake lotchedwa The Snowy Day. Nkhani yake njaifupi ndithu. Kamnyamata kakuda kotchedwa Peter katuluka m'nyumba m'mawa chipale chofewa chitagwa, kasewera, kabisa mbulumwa ya chipalecho m'thumba, ndipo pofuna kugona kapeza kuti yasungunuka.

Ubwino wa bukuli uli pa kudziletsa kwa mwini wake. Keats adapanga zithunzi zake pomata zidutswa za mapepala ndi nsalu, ndipo chovala chofiira cha mwanayo chioneka patali pakati pa kuyera kwa dziko lonse. Mawu sanena chifukwa chimene mbulumwa ija idasowera. Mwana womvera ayenera kuchipeza yekha. Ngakhale mwana wa ku Dedza sadaonepo chipale chotere, amadziwa matalala amene amatola mvula itagwa ndi kumsungunukira m'manja, kotero chisoni cha Peter sichachilendo kwa iye. Koma ili ndi buku lakuti wamkulu awerenge mokweza ana atamzinga, akuloza zithunzi ndi kufunsa mafunso.

Mtundu wachiwiri udadziwika kwambiri ndi Dr. Seuss. M'chaka cha 1954 John Hersey adadandaula m'magazini ya Life kuti mabuku oyambira kuwerenga a ku America adali ogwetsa ulesi. Poyankha, Seuss adatulutsa The Cat in the Hat m'chaka cha 1957, buku la mawu osiyanasiyana 236 okha, ndipo mu 1960 adalemba Green Eggs and Ham ndi mawu 50. Mabuku awiriwa sadalandire mendulo ya Caldecott. Padapita nthawi yaitali kufikira 2006, pamene bungwe lomwe lija lidayamba kupereka mphotho yapadera ya mabuku oyambira kuwerenga, ndi kuitcha dzina lenileni la mlembiyo, Theodor Seuss Geisel.

Luso la Seuss nlakuti adachepetsa mawu osaipha nkhani. Mphaka wosokoneza alowa m'nyumba amayi atachokapo, ndipo mwana wowerenga afulumira kutsegula tsamba lina kuti aone ngati nyumbayo ikonzedwa amayiwo asanabwere. Mawu omwewo abwera kachiwiri ndi kachitatu, koma mwana sazindikira kuti ali kuphunzitsidwa.

Tsono pali malire ake. Mphamvu ya mabuku amenewa yatsamira pa timawu ta Chingerezi ta phatikizo limodzi tomveka mofanana kumapeto. Chichewa sichiyenda chomwecho. Mawu ake ngaatali, onse amatha ndi lembo la liwu, ndipo mwana amawaphunzira pogawa maphatikizo. Womasulira buku la Seuss liwu ndi liwu atsala ndi gaga, ufa utapita. Chimene mlembi wa Chichewa ayenera kutengako ndi mwambo wake wokha: mawu owerengeka, obwerezedwa, ndi nkhani imene mwana afuna kudziwa mathero ake. Kubwereza kotere nthano zidakudziwa kale, mu nyimbo yobwera pakati pa nkhani ndi m'mayankho a omvera akuti “tili tonse.”

Chifukwa chake mphunzitsi asanagawe mabuku ayambe wafunsa kuti adzawerenga ndani. Ngati ali iye mwini, asankhe buku la zithunzi zopatsa ana chonena. Ngati ali mwana, awerenge mawu achilendo a patsamba lililonse, ndipo akachuluka alibwezere pa alumali kufikira chaka china. Mwana wopatsidwa buku lomkanika masiku oyamba amafulumira kukhulupirira kuti kuwerenga nkwa anzake, ndipo maganizo amenewo savuta kulowa koma avuta kuchotsa.