Makutu a Agogo Pakhonde

Ku Thyolo, nkhungu ikayala pamwamba pa minda ya tiyi m'mamawa, agogo amene maondo anawakana kale amakhala pakhonde, ndodo ili pambali, makutu ali tcheru. Pumbwa akayamba kulongolola mumtengo wa mapeyala, nkhwali n'kuyankha kudambo, iwo amadziwa mwini mawu asanamuone. Anamzeze akamauluka chapansipansi, amauza adzukulu kuti aanule ufa, mvula yayandikira.

Luso limeneli limafuna kudekha: kukhala phee, osagwedeza ngakhale chala, mpaka mpheta itatera pafupi ndi phazi. Alendo amachokera kutali kudzafuna mbalame yotchedwa Thyolo alethe m'nkhalango za ku Satemwa, koma agogo mbalame zimawapeza zokha. Popanda iwo, tikanamangomva phokoso chabe. Ndani akanatiphunzitsa kuti kulira kulikonse kuli ndi dzina?