Wailesi Ikafa M'mwamba: Kuunika Buku la The Shepherd

Ambiri malemu Frederick Forsyth timawadziwa ndi The Day of the Jackal ndi The Dogs of War, mabuku a ziwembu ndi mfuti. Komatu pali kabuku kena kopyapyala, The Shepherd, kamene kanatuluka mu 1975. M'menemu mdani ndi chifunga basi.

Nkhani yake ili motere. Usiku wa pa 24 Disembala 1957, mnyamata wina wa gulu la ndege za nkhondo la Britain akunyamuka pa Celle ku Germany pa ndege ya mtundu wa Vampire, yokwera munthu mmodzi. Akulunjika ku Lakenheath ku England kuti akadyere Khirisimasi kwawo. Ali pamwamba pa nyanja ya North Sea magetsi a m'ndegemo akuzima. Kampasi yafa, wailesi yafa. Sangaitane a pansi, a pansinso sangamulondolere. Kutsogoloko dziko lonse lafunda chifunga, mafuta nawo akutsika.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya kabukuka. A Forsyth anayendetsapo okha ndege za Vampire ali mnyamata, ndipo zimenezi zikuonekera m'kalembedwe. Mlembi wina akanadzaza masamba ndi kulira ndi kukumbukira amayi kumudzi. Iwowa ayi. Mantha alipo ndithu, koma mpangankhani wawo akuyamba ndi kuwerenga zimene zamutsalira: zipangizo zoonetsa liwiro ndi kutalika kuchokera pansi zikadali moyo chifukwa zimayendera mphepo, osati magetsi. Kenako akuchepetsa mphamvu ya injini kuti mafuta akhalitse. Pomaliza akukumbukira zimene anaphunzitsidwa: wailesi ikafa, uuluke mokhota makona atatu, kumanzere kokhakokha, mobwerezabwereza. Munthu woyang'ana radar pansi akaona kadontho kakuyenda chotero amadziwa kuti uyu wasochera ndiponso sakumva, ndiye amatumiza ndege ina kuti ikamutsogolere mpaka pabwalo. Ndege yotsogolerayo ndiyo mbusa wa pa mutu wa bukuyu.

Mbusa akubweradi, mafuta atatsala a mphindi zochepa. Ndi ndege yakale ya Mosquito, ya nthawi ya nkhondo yachiwiri, yolembedwa zilembo JK. Awiriwo akulankhulana ndi manja okhaokha, ndipo mnyamatayo akutsatira phiko la mnzake kulowa m'chifunga mpaka kutera pa kabwalo kena kotha ntchito kotchedwa Minton. Pambuyo pake akumva kwa mkulu wina wokalamba wogwira ntchito pamenepo kuti JK anali Johnny Kavanagh, amene ankapita kukalondolera anzake ovulala pobwera ku nkhondo, ndipo anasowa panyanja usiku wa Khirisimasi mu 1943.

Ena amati pamenepa mlembi anabera masewera: wamangirira munthu pamavuto enieni, kenako n'kumumasula ndi mzukwa. Ine ndikukana. Taonani nthawi imene mzukwawo ukufika. Sukubwera pamene wailesi yangofa kumene, ayi. Ukubwera mnyamatayo atatsata mwambo wonse wa ntchito yake, mafuta atasungidwa, makona atatu aja ataulukidwa mpaka chiyembekezo kutha. Akanasokonezeka mutu n'kutsika mwachimbulimbuli kukafuna magetsi a tauni, mbusayo akanapeza ndani? Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale mzukwa weniweniwo sukuchita matsenga ena alionse. Ukungogwira ntchito yolembedwa m'malamulo a oyendetsa ndege.

Zofooka zilipo. Ndege ikangotera nkhani ikuyamba kukwawa. Mnyamatayo akuimba lamya uku ndi uku, kufunafuna yankho lomveka la amene wamupulumutsa, ndipo yankho lililonse likugwa. Wowerenga watcheru amakhala atazindikira kalekale, n'kumangodikira kuti mwini nkhani afike pomwe iye ali. Anthu a pa Minton nawonso ndi zithunzithunzi chabe, oikidwapo kuti apereke uthenga basi. A Forsyth amadziwa makina kuposa mitima ya anthu, ndipo ngakhale m'kabuku kakang'onoka zimenezi sizikubisika.

Lero zinthu zinasintha. Woyendetsa ndege amene wailesi yamufera amaika nambala 7600 pa transponder, a pansi n'kudziwa nthawi yomweyo. Koma chifunga sichinasinthe. Ife kuno tinachiona pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kutachita nkhungu, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Mmalawi wowerenga masamba a m'chifunga aja sangawatenge ngati nthano yopezera tulo.

Ku Canada wailesi ya CBC inayamba mu 1979 kuulutsa nkhaniyi nyengo ya Khirisimasi, m'mawu a Alan Maitland, ndipo mu 2023 inapangidwa kanema momwe muli John Travolta. Komabe yambani ndi bukulo. Mukhoza kulimaliza madzulo amodzi, ndipo theka lake loyamba ndi zina mwa zabwino zedi zimene a Forsyth analembapo.